Thanki Yachinayi, Pune

Mvula ya Julaye ikuwomba mawindo a labotale,
njinga zamoto zagona m'matope kuseri kwa geti,
ndipo ine Vitthal ndatsala ndekha ndi thanki
yong'ung'udza ngati mimba ya munthu wosala kudya.

M'katimu muli antchito osaoneka ndi maso,
mabakiteriya amene tinawameza kachidutswa ka chibadwa cha nkhungu
kuti atiumbire enzaimu yosungunula mafuta m'zovala.
Ntchitoyi sanaifunsire.

Milungu isanu ndi inayi tikuwakoka ndi chingwe.
Dokotala Kanitkar anati, awonjezereni shuga.
Anadya mwaumbombo, nasanza asidi,
nafera m'masanzi awo omwe.
Tinawapopera mpweya, thovu linakwera mpaka pachivundikiro.
Pa madigiri 37 ankaswana ngati chiswe
koma zotuluka zinali zibuma zokhazokha,
puloteni yopindika mokhota,
ngati zovala zolongedzedwa ndi munthu wothawa ngongole.

Chakudza sichiimba ng'oma.
Lachinayi lija chotenthetsera chinafa pakati pa usiku
ine ndili kwa Bhau, ndikupemerera tiyi wa jinja.
Pobwera, singano ili pa 22.
Ndinalemba m'buku dzanja likunjenjemera,
mutu uli kale pa lendi ya mwezi wamawa.

Kutacha Sayali anadontheza kadontho m'kabotolo koyesera.
Madzi oyera mbee anasanduka achikasu,
chikasu cha maluwa ogulitsidwa pakhomo la kachisi.
Anabwereza. Anabwerezanso.
Kenaka anangokhala pansi pasimenti, magolovesi ali m'manja,
nandiyang'ana ngati ndabisa kanthu m'thumba.

Tsopano timawaziziritsa dala.
Shuga amalowa dontho,
kenaka dontho,
mankhwala owadzutsa timathira theka la theka,
ndipo timadikira maola makumi awiri m'malo mwa anayi.
Amakula mwaulesi, inde,
koma chimene aumba chimapindika bwino, chimaluma mafuta.

Lipoti likuti zinapezeka mwa kafukufuku wadongosolo.
Za tiyi wa Bhau mulibemo.
Sindidandaula.

M'bandakucha ndikafika kunyumba
ndimapeza Omkar atagonera buku la masamu,
pensulo ili kukamwa, mayeso atsala masiku khumi.
Kale ndinkamugwedeza phewa.
Lero ndinaima pakhomo, nsapato zikudontha,
kenaka ndinazimitsa getsi
n'kumutsegulira zenera pang'ono.