Munda Wokhala ndi Zogwirira

Eni nyumba, a Shanzi, anathira simenti pabwalo ponse
mpaka pakhomo pa chimbudzi.
Kuno ku Mchini, wa lendi salima. Amangosesa.

Ndiye zinthu ndinayamba kuziona ndi diso lina.
Chigubu cha saladi ndachidula pakhosi,
ndachimangira waya wonyamulira.
Beseni lomwe ndinkasambitsiramo Tikambenji,
lija linang'ambika chaka chomwe anayamba sukulu,
n'losaya, mizu ya matimati imafuna kutsika,
koma kulitaya ndalephera. Likhale la anyezi.
Chitini cha penti ndachikana:
dzuwa la Okutobala likachigwira
chingandiphikire mbewu ili moyo.

Msomali wamoto. Mabowo asanu pansi pa chilichonse.

Manyowa ndinakapempha kwa Zelipa ku Kapata.
Anandigwira dzanja ndisanatape:
"Awa nkhuku zasiya dzulo, amawotcha.
Tenga akuseri, akudawo, osanunkha,
amene aiwala kale chomwe anali."

Ndawasakaniza ndi makoko a nsawa
ndi dothi lofiira la m'munsi mwa Kanjala
lomwe linabwera panjinga, woyendetsa akudandaula njira yonse.
Ndafumbata, ndatambasula chikhato.
Lagwirana pang'ono, kenaka lamasuka lokha.
Basi, lakhala.

Dzulo a Shanzi anaima pasimenti pawo
nati lendi ikwera mwezi wamawa.
Zigubu zisanu ndi chimodzi zinali pamzere,
ziwiri zitayamba maluwa achikasu.
Sindinayankhe.
Ndinangonyamula chimodzi, pang'ono chabe,
kumva ngati wayayo
angapirire mpaka ku Nabvutika.