Wamkota pa Nsanjika Yachinayi

Bwana Viljoen atawatengera kunyumba ya okalamba,
ana awo anagawana mipando, mawotchi,
ngakhale paipi yothirira maluwa.
Ine wa m'dimba anandipatsa emvulopu yopyapyala
ndi chingwe, kumapeto kwake kuli galu.

Zaka zisanu ndi zinayi wakhala akukodza pomwe wafuna,
pa kapinga wa ku Northcliff
yemwe ndinkatchetcha ine Lachiwiri lililonse.
Lero ali m'chipinda changa ku Yeoville,
nsanjika yachinayi, chikepe chinafa chaka chatha,
dziko lake lonse latsala bedi, mbaula, ndi ine.

Usiku woyamba anasankha nsapato zanga za kutchalitchi.
Wachiwiri, mwendo wa tebulo.
Wachitatu anakwezera mwendo chikwama chopita kumudzi,
muli zitenje ziwiri ndi yunifolomu ya Tiyesere.
Ndinasolola lamba.

Sindinamenye.
Anagwetsa makutu, nadzipanikiza pakona,
ndipo maso akewo ndinawazindikira:
ndi omwe ndimavala ine pa Rockey Street
galimoto ya apolisi ikachepetsa liwiro pambali panga.

A Likagwa a chipinda chinacho anaseka mpaka kutsokomola:
kuwongola mtengo n'poyamba, achimwene,
uyu ndi nkhuni kale.
Mayi Ntshingila oyang'anira nyumba sanaseke.
Anagogoda kalendala ndi chikhadabo:
mwezi ukatha fungo likadalipo,
nonse awiri panja.

Ndinagula vinyiga kwa Msomali wa pansi,
ndinagwada, ndinapukuta, ndinagwadanso,
pakuti pomwe mphuno yake yamva dzulo
ndi pomwe mwendo wake ukwere mawa.
Folo koloko m'mbandakucha, ife pamasitepe,
makumi asanu ndi limodzi mphambu anayi,
iye mafupa kuphwanya, ine mano gwegwede.
Chisanu cha Juni kuno sichipempha malo.

Timaima pansi pa jakaranda.
Iye sapupuluma:
amayamba wawerenga nyuzi yonse ya agalu anzake,
patsinde, pakhoma, patayala la minibasi yogona,
zimbalame za milomo yaitali zija
zikukuwa ngati zikukana ngongole.
Akatero, tsono, mwendo m'mwamba.
Ine m'thumba ndili ndi kachiwindi ka nkhuku
ndi mayamiko omwe sindinapatsepo munthu.

Chilankhulo cha bwana wake sindichitha.
Chichewa chake chonse ndi mawu amodzi:
panja.
Mawu omwewo ena amatikuwira nawo ife m'malilime awo,
koma iye akawamva, mchira umamenya chitseko ngati ng'oma.

Tsiku lakhumi ndi chiwiri mfuti zinalira kumunsi kwa Raleigh,
ndinapeza kadziwe pansi pa bedi, iye akunjenjemera pambali pake.
Limenelo sindinaliwerengere.
Mantha si mwano.

Kenaka usiku wina, magetsi atazima,
ndinamva kwe, kwe, kwe.
Ndinati khoswe. Ndinafunda mutu.
Kwe, kwe.
Tochi ya foni inamupeza ataima pakhomo,
dzanja limodzi pachitseko, maso kwa ine,
waugwira, waupirira, akudikira.
Galu wamkota sakandira pachabe.

Tinatsika mumdima, iye patsogolo,
ine wophunzitsa ndikupapasa khoma pambuyo pake.

Mwezi utatha Mayi Ntshingila anaima pakhomo,
nakoka mpweya kawiri, nalandira lendi, napita.
Satifiketi yathu ndi imeneyo.

Chikwama chija chinafika ku Ntcheu pa basi ya Lachisanu.
Amake Tiyesere anaimba madzulo:
zitenje n'zokongola, bambo,
koma nsalu za ku Joni zonse zimanunkha vinyiga chonchi?
Ndinayang'ana pansi, mkuluyo atagonera mapazi anga.
Ndinati eya,
ndi mmene amazisungira kuno.