Nambala ya pa Belo

Pepala langa labwerako likuchucha inki yofiira.
Mayi Mtegha azunguliza ndime yachitatu yonse,
m'mbali alemba mawu awiri okha:
Mwini wake?

Ndinapsa mtima, ndisaname.
Ndimeyo ndinaitola usiku magetsi atathima,
foni ili pafupi kufa,
ndipo inakhala bwino pakati pa mawu anga
ngati nkhuku yachilendo yozolowera khola.
Ndani akanaidziwa?
Esinta wa bedi lapamwamba anati,
aaa, mawu alibe chizindikiro ngati ng'ombe,
sintha awiri atatu, upereke.

Loweruka ndinakwera kabaza kupita ku Chinkhoma
kukatenga ndalama ya sopo kwa achimwene.
Malole ali ndandanda, fumbi, fungo la fodya lokhetsa chimfine.
Ndinaima pafupi ndi belo lina
n'kuwerenga nambala yolembedwa pachiguduli,
yakuda, yopindika, yolembedwa ndi dzanja lotopa.
Apo m'pamene ndinakumbuka bambo.

Welosi Namakhwa, wochokera ku Phalombe,
zaka khumi ndi zinayi pa esiteti ya eni.
Nazale anathirira ndi iwo, mbandakucha, ndowa ziwiri.
Kupalira, kudula mitu, kuthyola, kusoka,
chigafa chikadontha ankagona momwemo.
Zala zawo zinada mpaka sopo anagonja.
Koma belo likatuluka pa jeke
linkavala nambala ya bwana.
Ku okushoni ogula ankanunkhiza tsamba n'kunena kuti
mlimi uyu amadziwa ntchito,
ndipo mlimi wotchulidwayo anali ku Lilongwe,
nsapato zake sizinapondepo mzere.

Bambo sankadandaula za mtengo kwenikweni.
Chinkawawawa n'chakuti tsamba lija
linawoloka nyanja popanda dzina lawo.

Ndabwerera kukoleji, ndatsegula bukulo.
Nalonso lili ndi tsamba.
Wina analilima,
mwina mayi wa msana wowawa ngati wanga,
anafunsa anthu mazana, anafufuta, analembanso,
ine n'kubwera ndi jeke yanga
kudinda thukuta lake m'belo la dzina langa.

Tsono ndayambiranso.
Mawu ake ndawatsekera m'mitengero,
kuti aliyense aone pamene iye wayambira
ndi pamene ine ndalandira khasu.
M'mikutiramawu ndaika dzina, mpatuliro, chaka,
kenako tsamba 42.
Pamene ndanena ganizo lake m'mawu anga
ndamutchulabe,
pakuti fodya ukamusintha chiguduli
sasanduka wako.

N'zotopetsa, ndivomere.
Mutu wa buku upendekeke, mzere wachiwiri ulowe mkati,
mpumiro apa, osati apo.
Ndalakwitsa kanayi.
Wosindikiza wa pafupi ndi depoti wandidya ndalama ya chakudya chamasana,
ndipo buku lina ndalisaka masiku awiri
chifukwa ndinaiwala kulemba chaka.

Kumapeto kuli mndandanda wa eni minda,
A mpaka Z, palibe bwana, palibe tenanti,
pulofesa amaima pambuyo pa mwana wasukulu
ngati chilembo chake chatero.

Pepalali likunena za ana osiya sukulu nyengo yothyola.
Zambiri ndinazimva kwa munthu mmodzi
tili pakhonde, akusenda chinangwa.
Ndafunsa Mayi Mtegha ngati munthu wosalemba buku amatchulidwa.
Avula magalasi.
Akuti amatchulidwa, m'kati mwa ndime momwemo,
dzina, ndi tsiku limene munacheza.

Ndiye pa tsamba lachisanu ndi chiwiri, mzere wachinayi,
pali W. Namakhwa,
kucheza pakamwa, 9 Juni.
Sadzawerenga, maso anayamba kale kuchita nkhungu.
Ndidzawagwira chala
n'kuchiika pamene pali dzinalo.