Zotola za Wosesa

Belu lomaliza likalira kuno ku Lowell
mabasi achikasu amameza ana onse,
ine n'kulowa ndi tsache langa m'kalasi ya giredi seveni
momwe Mayi Pelletier amagawa mawu khumi Lolemba lililonse,
liwu limodzi pa khadi limodzi,
tanthauzo kuseri.

Pofika Lachinayi ambiri mwa mawuwo amakhala ali pansi,
ena opondedwa ndi nsapato zonyowa ndi chipale,
ena atamatirira ku chingamu kunsi kwa desiki.
Makhadi a Yaritza ndimawadziwira inki yobiriwira;
iye amajambula kamunthu pambali pa liwu lililonse
kuti lisasungulumwe.
Declan salemba tanthauzo. Amangoti "ndikulidziwa kale,"
Lachisanu n'kutuluka m'mayeso makutu ali psuu.

Anandiuza kuti zapansi zonse n'zinyalala.
Koma ine ndinafika m'dziko lino ndili ndi zaka makumi atatu,
Chikhmer chili tho m'kamwa,
Chingerezi chongokwana m'thumba la malaya:
moni, pepani, zikomo, ndalama zingati.
Ndiye ndimatola.

Chilankhulo ichi n'chaukathyali, ndikuuzeni.
Liwu la mpeni lili ndi chilembo kutsogolo chosatulutsa mawu,
changokhala ngati mlonda wogona pageti.
Liwu la ngongole labisa china pakati,
monga amachitira angongole.
Mayi Pelletier amaswa mawu aatali pabolodi ngati mtedza,
mutu uku, thunthu apa, mchira uko,
akuti mizu ina n'ja Chilatini, ina Chigiriki,
ndipo ine ndimachedwa dala kufufuta.

Madzulo ano ndatola khadi long'ambika pakona.
Kuseri kuli dzanja la Thiago,
zilembo zopendekeka ngati mpanda wakale:
"kuchotsedwa kwanu osadziwa ngati udzabwererako."
M'munsi anayenera kupanga chiganizo chakechake.
Wangolemba mawu awiri, Bambo anga,
n'kufufuta mwamphamvu mpaka pepala kubooka.

Ndakhala pakampando kake, mawondo akugunda desiki,
mapaipi otenthetsera chipinda akutsokomola kukhoma,
ndikuliyesa liwulo katatu, kanayi,
lilime likukana ngati kiyi wa chitseko china.
Zaka makumi awiri ndakhala m'kati mwa liwu limeneli,
ndadyeramo, ndagonamo, ndaberekeramo ana,
osadziwa kuti kuno analipatsa dzina.

Ili lokha sindiika m'thumba.
Ndaliwongola ndi chikhatho, ndalimata ndi selotepi,
ndalisiya padesiki pake, liwu likuyang'ana kumwamba,
bowo lija likuyang'ana thabwa.
Mawa mayeso ndi naini koloko.
Kaya akhoza, kaya alephera, sindidzamva;
wosesa sauzidwa malikisi.

Ndazimitsa magetsi.
M'thumba muli makhadi asanu ndi limodzi owerenga m'basi,
limodzi la Declan,
kuseri kulibe kanthu.
Ndikafunsa mwana wanga kunyumba.