Zigongono za Denga

Ku Eriya 3, kuseri kwa mpanda wolembedwa manambala a ogulitsa mapuloti,
kuli nyumba yovala chipewa choposa mutu wake.
Denga linatulukira kunja,
ndipo pansi pake pali zigongono za mlombwa
makumi anayi ndi ziwiri,
zogobedwa ngati khutu la munthu.
Ndaziwerenga ndili pamakwerero.
Zisanu ndi zinayi chiswe chinadya.

Akuti anaijambula ndi Mtaliyana wina wokonza misewu,
wopukwa kwawo,
amene ankafuna mawindo aatali opindika pamwamba ngati nsidze,
ndi kansanja koonerapo mvula ikamachokera ku Bunda.
Dzina lake linapita ndi fumbi.
Koma wogoba zigongonozi ndikumudziwa:
pa chakhumi ndi chitatu, mbali yoyang'ana khoma,
analemba ndi msomali, Dafuleni, Kawale.
Bambo anga.
Anali wamng'ono kuposa mwana wanga wachisamba lero.

Mayi Nasimango ali ndi makalata awiri m'kabati.
Ina ndi ya kampani yofuna pulaza ya magalasi,
mashopu a mafoni pansi, maofesi pamwamba.
Inayo ndi yanga, ya pensulo:
matabwa, guluu, mankhwala a chiswe, masabata asanu.
Yangayo njopepuka. Kamphepo kokha ingauluke.

Ana awo ku Joni akuti gulitsani, amayi,
ikudontha, komanso ndi nyumba ya azungu.
Iwo amangoti, mzungu anagonamo zaka zinayi,
ine makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi.
Ndiye ndi ya yani?

M'mawa uliwonse ndimatsika minibasi pa depoti,
kuwoloka mlatho pakati pa machaja ndi kaunjika,
tchizulo ndi sompho m'chikwama.
Mlombwa wa masiku ano ngwanthete,
mtengo wake ngati wa mankhwala.
Ndimagoneka chakale pambali pa chatsopano,
kulondola pamene dzanja la bambo linakhota,
ndi pamene linaterereka.
Kuterereka komweko ndakugobanso,
asadzakhale okha pamzere.

Kutsidya kwa msewu kireni ikukweza zitsulo.
Ikamakwana folo koloko
mthunzi wake umakhala pakhonde pathu ngati wodzatenga ngongole.
Sindikudziwa kalata imene idzayankhidwe.

Lero ndakhoma chachisanu ndi chimodzi.
Utoto usanaume
njiwa ziwiri zatera kale,
zikupondaponda, kuyesa ngati chalimba.