Mtondo ndi Lichero

Loweruka, mvula ya m'phiri itangokata,
tinatsika ku Matawale pa kabaza,
ine ndi bambo a Tadala,
ndalama za chipereganyu cha miyezi khumi
nditazimanga pamimba.

M'sitolo ya kufupi ndi depoti
makina awiri ochapira anaima moyandikana,
oyera ngati ife anamwino pa mzere wa m'mawa.
Wogulitsa, kamnyamata kotchedwa Sumani,
kanatsegula chivindikiro choyamba:
"Suzumirani, mayi."

Ndinasuzumira. Mtondo weniweni,
munsi wake uli chilili pakati,
wa zipsepse ngati mlamba wa ku Chilwa.
"Uyu sanyengerera," anatero Sumani.
"Amagwira chovala pakhosi,
kuchipotokola uku, kuchibweza uko,
litsiro mpaka kupepesa.
Koma madzi amamwa ngati ng'ombe ya m'chilimwe,
ndipo malaya ofewa amawadya pang'onopang'ono."

Bambo a Tadala maso anawala.
Zaka makumi awiri pansi pa malole ku Chinamwali,
ovololo yawo imatha kuima yokha ndi girisi.
"Ameneyu ndiye," anatero.
"Matope a ku Zomba samva zonong'oneza."

Wachiwiri analibe munsi.
M'kati muli mbee,
pansi kambale ka mizeremizere basi,
ngati lichero loiwalika m'chitsime.
"Uyu samenya," anatero Sumani.
"Amangotembenuza madzi,
zovala n'kumakhulana zokhazokha
ngati anthu mu minibasi ya ku Songani.
Bulangete lalikulu limalowa lonse.
Madzi pang'ono, koma sachita changu,
mudzatha kukazinga mtedza iye akadali pantchito."

Ine ndinaona bilu ya madzi ya mwezi watha.
Ndinaona yunifomu yanga, kolala itayamba kusosoka,
ndi chitenje chimene mayi anasiya pa msomali
tsiku lomwe anapita ku chipatala osabwerako.
Chimenecho ndichipereke kwa munsi?

Tinakangana chapansipansi, monga akulu pagulu.
Iwo ati girisi, ine ndati ulusi.
Iwo ati nthawi, ine ndati mita ya madzi
imene imathamanga ngakhale tili m'tulo.
Sumani ankangoyang'ana kudenga,
chala chili pa kakyuleta.

Ndiye magetsi, phethi.
Sitolo yonse bii.
"Apa ndiye afanana," Sumani anaseka,
"onse awiri ndi migolo."

Mumdimamo ndinakumbukira Abiti Mwamadi,
amene watichapira chibadwire Tadala.
Alibe batani,
koma amadziwa choyenera kumenyetsa pamwala
ndi choyenera kungofinya ngati chilonda.
Akapeza ndalama m'thumba la buluku
amaiyanika pawindo, mwala pamwamba.
Mwezi wa Juni, chiperoni chitatsika m'phiri,
anandionetsa zala zake zokana kupindika:
"Manjawa atopa, mayi. Ndipatseni ntchito ina."

Tinagula wa lichero.
Anabwera pa kalole ka mchenga,
atamangidwa ndi linya,
ana a m'mudzi akuthamangira pambuyo.
Ovololo ija imagona m'bafa usiku wonse,
mwini wake amaikwecha ndi burashi mamawa,
akung'ung'udza za mtondo umene tinausiya m'tauni.
Nthawi zina ndikaona maondo a buluku la Tadala
atatuluka ndi chithunzi cha matope,
ndimakhala chete. Sindiwauza.

Lolemba Abiti Mwamadi anabwera kudzasita.
Anakoka mpando, nakhala pafupi ndi makina,
khutu atatchera, manja ali pamiyendo
kwa nthawi yoyamba chimudziwireni.
"Akupeta," anatero.
Madzi anakhuthuka, ng'oma inazungulira, inaima.
Anatulutsa yunifomu yanga,
kupita nayo padzuwa,
kutembenuza kolala, kuiyandikiza kumaso.
Anatsonya.
"Pali bwino ndithu," anatero,
"koma tandipatsani kasopo."