Tebulo la Moto ku Magaba

Ku Magaba phokoso silipita kutchuthi.
Nyundo ikatopa, galaindala imalandira mawu,
ndipo ine Ndaziona, mwana wa a Chisuse,
ndakhala pa chigubu cha penti
ndi mitengo itatu pabondo.

Bambo akudula duwa la pageti:
katoni, choko, moto wa gasi,
monga ankachitira ndisanabadwe.
Koma dzanja layamba kuvina lokha,
duwa latuluka ngati khutu lolumidwa ndi galu.
Sanandiyang'ane.
Inenso ndinayang'ana pepala.

Tebulo loyamba lili ku Msasa,
lonyezimira, lomeza chitsulo chathunthu osatafuna.
Ndinapima chitseko chathu ndi tepi.
Lingalowe titagwetsa khoma
la Mai Gwatidzo ogulitsa mabawuti,
ndipo Mai Gwatidzo sagwetseka.

Lachiwiri lili m'foni, kutsidya kwa nyanja,
lotchipa ngati tomato wamadzulo pa Musika.
Ndinafunsa: likadwala, sing'anga wake ndani?
Timilomo ta mkuwa tikapsa ndikagula kuti?
Anandiyankha ndi chithunzi cha chala chachikulu.
Fodya wako ndi uyo ali pamphuno,
wapachala ndi wamphepo.

Lachitatu lili ku Graniteside,
utoto wosupuka, theka la chitsulo ndiye mbale yake,
mwini wake akusamukira ku Joni.
Tinakwera kombi, Bambo atafungatira
chidutswa cha mamilimita sikisi, chadzimbiri, chopindika,
chokulunga m'nyuzipepala ngati nsomba.

Kudzanai, mnyamata wa pamenepo,
anayamba kulakatula manambala.
Bambo anati: Dula ichi.

Kompyuta inaphethira.
Mlomo wa pulazima unatsika,
unagunda chitsulo kamodzi ngati mlendo waulemu,
kenako mphezi, yowonda ngati ulusi!
Pokwera unakwera, potsika unatsika,
kutsata msana wopindikawo osapunthwa,
madzi a pansi pa tebulo akumeza utsi,
thovu lokha kuwira.

Zii.

Bambo anatola chidutswa chikadali chofunda,
anayendetsa chala m'mphepete,
anachitembenuza kufuna manyi a chitsulo,
anakanda ndi chikhadabo. Anagwa okha.
Anafunsa zimene ine ndinaiwala:
Limapuma mpweya wouma?
Kompulesa yathu imatsokomola madzi.
Nanga magetsi?
Kwathu amabwera teni koloko usiku
ngati mwamuna wamitala,
m'bandakucha anyamuka osatsanzika.

Tidzagona masana, Bambo, tidzadula usiku.
Chowumitsa mpweya ndi madola ena,
timilomo tilipo pa Seke Road, ndaona ndi maso,
ndipo Kudzanai walonjeza Loweruka lililonse
mpaka zala zanga zizolowere mabatani.

M'kombi sanalankhule mpaka pa Rufaro.
Kenako, maso ali pawindo:
Chinthu chija chilibe maso.
Duwa chimalidziwa bwanji?

Muchiphunzitsa ndinu.

Usiku anakoka sutikesi pansi pa bedi,
zaka makumi anayi za makatoni:
maluwa, nkhanga, makasu a pulawo,
zitseko za mbaula, malembo a mabutchala otsekedwa kale,
ndi phiri la Dedza, lomwe agogo anajambula pamtima
atatsika sitima ndi bulangete limodzi.
Lili pa mageti a ku Waterfalls ndi Hatfield,
eni ake amati ndi kachulu chabe.
Ine sindinalionepo.
Ndimalidziwa ndi chala, monga Bambo.

Ndalama yoyamba tipereka Lachisanu.
Yotsala ili m'mageti amene sitinadule,
m'mbaula za Juni, mphepo ikayamba kuluma.
Ndikuopa, sindinama.
Ngongole ilibe batani lozimitsira.

Magetsi abwera.
Ndayala phiri pa tebulo la kukhitchini,
ndikulitsata pang'onopang'ono pa laputopu yobwereka,
Bambo ataima kumbuyo, mpweya wawo pakhosi panga.

Apo wapotoza, akutero.
Nsonga si yakuthwa chotero.
Ndipo ukamalowetsa aposachedwapa,
kunjenjemerako
ukusiye panja.